Chigayo cha dizilo ku Jali: mpamba wanga ubwerera liti?

Membala wobisa dzina: Zikomo akuluakulu. A admin mundibisire dzina, muno muli achibale. Ndili ku Jali. Bambo a kunyumba ali ku Joni, ndiye tagwirizana zoyamba kanthu kooneka m'malo momangodya zomwe amatumiza. Alamu anga apeza chigayo cha dizilo chogwirapo kale ntchito, chokonolera chili pomwepo. Akuti chizilowetsa K1,100,000 pamwezi, ndiye mpamba wonse wa K9,000,000 ubwerera pa miyezi 8. Koma alamu omwewa ndi aja anasunga ndalama za chipepeso pa maliro a apongozi mpaka lero ziii, ndipo akazi awo sandilankhula chifukwa cha nkhani ya mbuzi zinalowa m'dimba zija, ngakhale sizinali zanga. Achemwali anga akuti ndigule njinga zamoto za kabaza. Tulo sindikuona. Masamu a alamuwa ali bwino?

Che Bwanali: CHIGAYO AYI MAYI. Gulani malo ku Chikanda mumange zipinda za ana a ku yunivesite. Nyumba simwa dizilo, siduka lamba. Ndanena ndanena.

Nachisale: Amayi, alamu anu agawa mpamba ndi ndalama zolowa, pomwe timagawa ndi zotsala m'manja mutalipira zonse. Manambala otsatirawa ndi oyerekeza, muikemo anu enieni. Pa K1,100,000 ija chotsani dizilo K480,000, malipiro a anyamata awiri K160,000, oilo, malamba, sefa ndi mahamala K90,000, lendi ya malo ndi laisensi ya kukhonsolo K45,000. Yotsala ndi K325,000. Mukagawa K9,000,000 ndi K325,000 mupeza miyezi pafupifupi 28, osati 8. Funso langa: K9,000,000 imeneyi ndi yanuyanu kapena muli ngongole m'katimo? Komanso ikuphatikiza shedi, simenti ya pansi pa injini, thiransipoti ndi dizilo woyambira? Zonsezo ndi mpamba.

Che Bwanali: Miyezi 28! Mwamva? Pamenepo mwini zipinda wadya kale lendi zaka ziwiri.

Nachisale: A Bwanali, werengerani zipinda zanuzo chimodzimodzi. Chipinda chodya K3,000,000 pomanga, cha lendi ya K40,000, chimabweza pa miyezi 75. Apo sitinachotse miyezi ya holide yomwe ana asukulu kulibe.

Che Bwanali: Koma malo SAWOLA. Chigayo chikatha ndi zitsulo zogulitsa pa sikelo.

Makaniko wa ku Chinamwali: Injini yogwirapo kale musalipire musanaiyese. Ayilize m'mawa ili yozizira, inu muli pomwepo. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oilo, maring'i atha. Gwirani pa mabering'i a chigayo chitagaya theka la ola, akatentha moti dzanja silingakhalepo, awerengereni pa mtengo. Ndiye thirani lita imodzi ya dizilo yoyeza bwino, muwerenge ndowa zomwe igaye. Nambala imeneyo ndi yomwe idzakuuzeni ngati anyamata akubisa ndalama, chifukwa dizilo sanama. Mahamala akalala ufa umachedwa kutuluka koma injini imamwa chimodzimodzi, ndiye phindu limathera pamenepo. Patulaninso ndalama yokonzetsera injini yonse kamodzi m'zaka ziwiri zoyamba, muiike m'mwezi womwe mukuganiza kuti idzatuluka.

Abiti Saidi: Inu nkhani apa ndi alamuwo. Munthu wa chipepeso uja ndi amene azikhala pa kaundula wa chigayo? Kkkkk mpamba ubwerera ndithu, koma kunyumba kwawo.

Mphunzitsi Wopuma: Masamu a mayi Nachisale ndi olondola koma atenga miyezi yonse ngati yofanana. Chigayo cha kumudzi chimadzaza anthu akakolola, kuyambira Epulo mpaka cha mu Seputembala. Kukafika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zapsa, anthu amabwera ndi kachigoba kamodzi. Tengani kope, mulembe mwezi uliwonse pa mzere wake, muzichotsa zotsalazo pa mpamba mpaka ufike pa ziro. Tinene kuti miyezi 6 yabwino mukutsala ndi K500,000, miyezi 6 yowuma K150,000. Pachaka ndi K3,900,000, zaka ziwiri K7,800,000, yotsala K1,200,000. Mukatsegula mu Epulo, yotsalayo ithera m'mwezi wa 27. Mukatsegula mu Okutobala, mudikira mpaka mwezi wa 31, chigayo chomwecho, mtengo womwewo. Musaiwale madeya. Ambiri okonoletsa amawasiya, ndipo oweta nkhumba ndi ng'ombe za mkaka amagula, ndiye alembeni pa mzere wawo.

Che Bwanali: Aphunzitsi, kope lanulo lidziwa bwanji tsiku lomwe dizilo asowe pa filing'i? Sabata ziwiri chigayo chili duu, anyamata akufuna malipiro. ZIPINDA mayi.

Mphunzitsi Wopuma: Apo mwanena zoona. N'chifukwa chake amalemba kawiri, kope la zinthu zikayenda bwino ndi la zinthu zikavuta, zolowa mutazidula ndi 20 peresenti. Mukaona kuti lachiwirilo simungalipirire, musagule.

Wa Kabaza pa Matawale: Njinga ndiye yachangu. Ya K3,500,000, mnyamata azipereka K10,000 patsiku masiku 26, ndi K260,000. Chotsani K60,000 ya sevisi, matayala, tcheni ndi inshulansi, yotsala K200,000. Miyezi 17 ndi theka mwabweza.

Nachisale: Achimwene, apa ndi pomwe mawerengedwe amenewa amapusitsa. Amangokuuzani tsiku lomwe mpamba wabwerera, za pambuyo pake sanena kanthu. Njinga ya kabaza ikatha zaka zitatu m'misewu yafumbi ya ku Jali ndi ku Kachulu yatopa, ndiye mwadyapo chaka ndi theka basi, ngati sinabedwe kapena kuchita ngozi. Chigayo chosamalidwa chingapitirire zaka zingapo chitabweza kale. Yerekezani zonse ziwiri: nthawi yobwezera, ndi ndalama yomwe chinthucho chibweretse mpaka kutha kwake. Amayi, za ngongole zija simunayankhe.

Kondwani wa Zachuma: Nonse mukuwerenga ngati kwacha ya 2 koloko ndi ya 4 koloko ndi imodzi. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinene kuti mitengo izikwera ndi 25 peresenti pachaka: ndalama ya chaka chamawa igaweni ndi 1.25, ya chaka chachiwiri ndi 1.25 kawiri, choncho choncho. K3,900,000 ija isanduka K3,120,000, kenako K2,496,000, kenako K1,997,000, kenako K1,597,000. Mpamba ukubwerera chakumapeto kwa chaka chachinayi.

Mphunzitsi Wopuma: A Kondwani, mwachepetsa mphamvu ya kwacha koma mtengo wogayitsa mwausiya pomwepo zaka zinayi. Dizilo akakwera ndowa imakweranso. Mukachita chimodzi, chitaninso chinacho.

Kondwani wa Zachuma: Imakwera mochedwa. Dizilo amakwera usiku umodzi, koma kukweza ndowa mumayamba mwasuzumira kaye chigayo cha pafupi.

Che Bwanali: Lendi ndiye imakwera temu iliyonse popanda kusuzumira aliyense. Koma anthu a muno SAMVA.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A Abiti Saidi mwalasa, ngakhale dzulo akazi a alamuwo anandidutsa pa mjigo osapereka moni. Shedi sitinaiwerengere. Ndalama K5,000,000 ndi ya bambo, K4,000,000 nditenga ku banki nkhonde ziwiri.

Nachisale: Mayi inu, mfundo yaikulu ndi imeneyi! Chiwongoladzanja chake ndi chingati pamwezi? Ngati ndi 10 peresenti, ndi K400,000 mwezi uliwonse musanakhudze ngongole yeniyeniyo, pomwe chigayo chikukusiyirani K325,000. Pamenepo palibe mwezi wa 28 kapena wa 40, mpamba subwerera. Ndipo magulu ambiri amagawana mu Disembala, ndiye adzaifuna yonse nthawi yomwe chigayo chauma. Tiuzeni peresenti ndi mwezi wobweza, ndiponso mtengo wa shedi, tiwerengenso.

Che Bwanali: K5,000,000 ya bamboyo ndi chipinda chimodzi ndi maziko a chachiwiri. Ndilembereni ku inbox.