VO2 max yanga sikukwera ngakhale ndikuthamanga, ndipange bwanji?

Wofunsa: Moni nonse pagulu pano, a admin chonde ivomerezeni post iyi. Ndili ndi zaka 44, ndinayamba kuthamanga chaka chatha adokotala atandiuza kuti BP yayamba kukwera, komanso bambo anga anamwalira ndi matenda a mtima ndiye nkhaniyi sindikuitenga mwachibwana ayi. Ndimathamanga pang'onopang'ono katatu pa sabata, mphindi 30, koma wotchi yanga imangoonetsa VO2 max 34 miyezi yonseyi osasuntha. Kwa amene simukuidziwa, ndi kuchuluka kwa oxygen amene thupi limatha kugwiritsa ntchito pa mphindi imodzi ukalimbikira mpaka pothera mphamvu, amawerenga mamililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Chandisowetsa mtendere ndi kafukufuku wa HERITAGE wa a Claude Bouchard yemwe anatuluka mu 1999, anthu 481 anapalasa njinga zongoima malo amodzi zija kwa masabata 20 pulogalamu yofanana, powaphatikiza onse anakwera ndi pafupifupi 19% koma ena sanasinthe kwenikweni, ndipo akuti pafupifupi theka la kusiyanaku nkotengera kwa makolo. Kodi mwina ine ndili m'gulu la osasinthawo? Ndipitirize chonchi kapena ndiyambe 4x4 ya ku Norway yomwe anthu akuikamba kwambiriyo, yothamanga mwamphamvu mphindi zinayi maulendo anayi uku ukupumira pakati?

Membala woyamba: Achimwene wotchi siyeza oxygen, imangoyerekeza poona kugunda kwa mtima ndi liwiro lanu basi. Kuyeza kwenikweni amakuvekani mask pa treadmill ku lab. Yesani ya Cooper, anaitulutsa a Kenneth Cooper mu 1968, mumathamanga mphindi 12 mmene mungathere, mamita mwayendawo muchotserepo 504.9 kenako mugawe ndi 44.73. Mwachitsanzo mamita 2,200 amapereka VO2 max ya pafupifupi 38. Mudzabwereze pakatha miyezi iwiri pa ground yomweyo, nthawi yomweyo, apo mpamene mudzaone ngati mukusintha.

Membala wachiwiri: Za osasinthazo musataye nazo mtima bambo. Mu 2017 a Montero ndi a Lundby anatenga azibambo 78, ena amapalasa njinga ola limodzi pa sabata ena mpaka maola asanu, ndipo osasinthawo anachuluka mwa aja ochita zochepa. Atawaonjezera maola awiri pa sabata kwa masabata ena asanu ndi limodzi onse anasintha, panalibe wotsala. Chibadwa chilipo inde koma kwa anthu ambiri nkhani imakhala mlingo. Inu mukupanga mphindi 90 pa sabata pamene a WHO amati 150 mpaka 300 ngati ndi zapakatikati, kapena 75 mpaka 150 ngati ndi zamphamvu zoti sungathe kucheza uku ukuthamanga. Ndipo chimasintha kwambiri si mapapo ngati mmene ambiri timaganizira, ndi mtima womwe umayamba kupopa magazi ambiri pakugunda kamodzi, magazi enieniwo amachulukanso m'thupi, nchifukwa chake munthu wochepa magazi amapuma wefuwefu ngakhale atalimbikira bwanji. Mwayezapo pulse, kuti mtima ukugunda kangati pa mphindi, m'mawa musanadzuke pabedi?

Membala wachitatu: Ine nkhawa yanga ili pa BP yo. Mukumwa mankhwala anji? Ngati ndi atenolol kapena ena a mtundu umenewo amachepetsa kugunda kwa mtima, ndiye wotchi imasokonezeka ndipo zija za 220 kuchotsa zaka zanu, zoyerekezera kugunda kwa mtima kwa pamwamba penipeni, sizigwiranso. 4x4 ndi yabwino, a Helgerud ndi anzawo ku Trondheim, ku Norway, mu 2007 anapeza VO2 max itakwera ndi pafupifupi 7% m'masabata 8, koma dziwani kuti ndi mphindi zinayi mtima uli pa 90 mpaka 95% ya pamwamba pake, kupumira mphindi zitatu ukuthamanga pang'ono, kanayi konse, ndipo anthu ake anali achinyamata athanzi ozolowera kale masewera. Inu ndi mbiri ya bambo anuyo kaonaneni kaye ndi adokotala, ngakhale ya Cooper yomweyo musanaiyese. Pachifuwa pakapweteka kapena mukamva chizungulire imani pompo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mayi mwafunsa za mankhwala inu, ndikumwa amlodipine. Pulse ya m'mawa inali 78 ndikuyamba, pano imakhala 68, sindimadziwa kuti ikugwirizana ndi zimenezi. Ndiye ndiyambe ndi chiti, kuonjezera masiku kapena liwiro?

Membala wachiwiri: 78 kufika 68 ndiye kuti mtima wayankha kale bambo. Yambani ndi nthawi, onjezerani tsiku lachinayi ndipo limodzi mwa masikuwo lizifika mphindi 45 mpaka ola, pa liwiro loti mungathe kuyankhula chiganizo chonse osadukiza. Adokotala akakulolani ndiye mulowetse 4x4 kamodzi pa sabata, muyambe ndi maulendo awiri a mphindi zinayi osati anayi onse, ndipo tsiku lotsatira likhale lopuma.