HMI ikumangoduka chilumikizireni makina ku netiweki ya ofesi

waya_wofiira: Akuluakulu ndithandizeniko, mutu wanga wazungulira. Tili ndi makina opakira katundu m'makatoni, mu panel muli PLC (kakompyuta koyendetsa makina) ya S7-1200, HMI (sikirini yoonera ndi kulamulira makina) imodzi ndi ma drive (oyendetsa ma mota) awiri pa PROFINET (netiweki yolumikiza zipangizo za makina), zonse pa switch yakeyake ndipo zakhala zikuyenda bwinobwino. Sabata yatha abwana anati akufuna aziona manambala a production ali pa desiki pawo, ndiye tinakoka chingwe kuchoka pa switch ija kukabaya ku netiweki ya ofesi. Chiyambire tsiku limenelo HMI ikumayenda mwina mphindi khumi kenako manambala onse asanduka ##### kenako yabwerera yokha ngati palibe chachitika, komanso a mu ofesi akudandaula kuti intaneti ikumadukaduka. Chingwe ndasintha, RJ45 ndaikanso ina, palibe chasintha. PLC ili pa 192.168.0.1, HMI 192.168.0.2, mask 255.255.255.0. Ndiyambire pati?

mkulu_wa_panel: Achimwene musavutike ndi zingwe, mfiti yake ndi 192.168.0.1 yomweyo. TIA Portal, pulogalamu yokonzera ma PLC amenewa, ukangopanga project yatsopano PLC yoyamba imaipatsa adiresi imeneyo, ndipo ambiri sitisintha chifukwa makina akakhala paokha palibe yemwe akulimbirana nayo. Vuto ndi loti ma router ambiri a m'maofesi amabweranso ndi 192.168.0.1 yomweyo. Ndiye HMI ikafunsa kudzera pa ARP kuti "0.1 ndi ndani?" akuyankha awiri, nthawi zina ikulankhula ndi PLC nthawi zina ikulankhula ndi router yemwe za ma tag (manambala omwe HMI imawerenga mu PLC) sadziwa kalikonse. Makompyuta a mu ofesinso chimodzimodzi, akufuna gateway (khomo lotulukira pa intaneti, lomwe ndi router ija) akupeza PLC, n'chifukwa chake intaneti ikuwathawa. Chitani izi: zulani chingwe cha ofesi, laputopu muibaye pa switch ya makina, muipatse static (adiresi yokhazikika) ngati 192.168.0.50, pangani ping 192.168.0.1 kenako arp -a, MAC (nambala yakeyake ya chipangizo pa netiweki) yomwe ituluke muiyerekeze ndi yolembedwa pa PLC. Kenako mubaye laputopu mbali ya ofesi mubwereze. Zikasiyana basi mlandu watha.

kachipangizo: Bwanji osangoika zonse pa DHCP router izigawa yokha ma adiresi? ku ofesi timatero ndipo sizigundana

mai_automation: Pepani aise kachipangizo koma zimenezo n'za ma printer ndi mafoni. HMI imafuna PLC pa adiresi imodzi yokhazikika yomwe inalembedwa mu connection, DHCP ikaisuntha tsiku lina makina aima usiku pakati ndipo odzutsidwa ndi ife. Ndinazionapo pa remote I/O (module ya ma sensa yokhala kutali ndi PLC) ya EtherNet/IP, netiweki ina ya makina, mnzanga anaipatsa adiresi ndi BOOTP (njira yoti chipangizo chikayaka chizipempha adiresi kwa server) n'kuiwala kupanga disable, zinayenda miyezi, tsiku lomwe magetsi anathima module inadzuka ikupempha adiresi kwa server yemwe anali laputopu yake ili kunyumba. Tinafufuza maola atatu tikuganiza kuti module yapsa.

Pa PROFINET ndiye nkhani inanso, ma drive PLC imawapeza ndi dzina kudzera pa DCP kenako n'kuwapatsa IP yomwe ili mu project, ndiye mukati musinthe subnet, kusamutsira makina ku ma adiresi ena kuti asagundane ndi a ofesi, mayina musawakhudze, olo kadontho kamodzi. Ndipo mukasintha adiresi ya PLC kumbukirani kupanga download ku HMI nakonso, apo ayi idzakhala ikuitanabe 0.1 yakale ma ##### osachoka, inu n'kumaganiza kuti mwaononga zina.

Koma ine ndinene zoona, chingwe chomwe munakokacho ndi chomwe sindikugwirizana nacho. Olo musinthe ma IP asagundane, ma broadcast onse a mu ofesi azilowabe mu panel, ndipo aliyense amene ali ndi laputopu kumeneko atha kufika pa port 102, khomo lolankhulira ndi PLC yanu. Ikani ka router ka industrial kokhala ndi NAT (yomasulira ma adiresi pakati pa netiweki ziwiri) ndi firewall pakati, makina akhale mbali yawo ndi ma adiresi awo akale, ofesi izingoona adiresi imodzi yomwe mwailola, kuchokera pa kompyuta imodzi yomwe mwailola. Ubwino wake simusinthanso ma adiresi mu project, komanso mukadzagula makina achiwiri obweranso ndi 192.168.0.1 simudzalira.

waya_wofiira: Zikomo kwambiri nonse. Mkulu munalasa, arp -a yatulutsa MAC ziwiri zosiyana, ina ya PLC ina ya router ya mu ofesi. Chingwe chija ndazula, kuyambira m'mawa HMI sinaphethire ndi kamodzi komwe ndipo a ku ofesi asiya kundiimbira. Abwana akufunsa za manambala awo, ndawauza adikire ka NAT kafike. Mai automation funso lina, mbali ya makina ka router kameneka ndikapatse 192.168.0.254?

mai_automation: Eya 254 ili bwino bola pasakhale china pamenepo, pangani ping kaye. Koma dziwani kuti PLC ikakhala yopanda gateway siidziwa kobwezera yankho, ndiye mwina muike 254 ngati router mu PLC, kutanthauza download ndi kuimitsa makina pang'ono, kapena muyatse source NAT kuti PLC izingoona ngati wofunsayo ndi 254 wa pa subnet yake. Onani kaye ngati komwe mukugulako kali nayo musanalipire.