Gulu la Banja: puloti ya ku Machinjiri kapena zipinda za ku Chikanda

Achemwali aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Ku akaunti lero kuli K11,400,000, kuphatikiza zotsala za penshoni ya malemu bambo. Za mwezi uno tapereka ndi ine, Mzime, mayi a mapasa ndi amalume. Enanu mukudzidziwa.

Amalume: Tadzuka. Zikomo msungichuma wathu.

Achimwene a ku Joni: Zanga zibwera Lachisanu.

Achemwali aakulu: Lachisanu lake liti achimwene? Poti la mwezi watha lija silinafikebe.

Mzime: Nkhani ina nayi. A landilodi anabwera dzulo madzulo, akuti kuyambira Januwale lendi ikhala K160,000 kuchoka pa K120,000. Amayi sanayankhe kanthu, anangolowa kuchipinda. Nsima sanadye.

Mayi a mapasa: Abale inu! Nyumba yodontha ija? Beseni lija likadali kuseri kwa sofa?

Mzime: Alipo awiri tsopano mabeseniwo.

Achimwene a ku Joni: Ndi zimene ndakhala ndikunena. Tikanamanga zipinda ku Chikanda bwenzi lendiyo ikudzilipira yokha. Nyumba yogona sibereka. Ana a ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba ija, chaka chilichonse amavutika malo, kusukulu sakwanako onse. Zipinda 6, ana awiriawiri, aliyense K40,000. Werengani nokha, ndi K480,000 pamwezi.

Mayi a mapasa: Pamwezi wake uti? Sukulu ikatsekera muzilandira kwa makoswe?

Achimwene a ku Joni: Ngakhale mutachotsa miyezi ya holide, phindu lilipo. Nyumba yogona sibereka.

Azakhali a ku Zomba: Ine ndili konkuno, ndikuuzeni zimene ndimaona. Zipinda zimalowa anthu, zoona. Koma ana amasiku ano asanafunse mtengo amafunsa magetsi, mpopi, mpanda, bafa la asungwana palokha. Ndiye pali kupopetsa chimbudzi, maloko othyoka, wina wathawa usiku ndi miyezi iwiri. Amene azidzayenda khomo ndi khomo kutolera ndani? Musandiyang'ane ine, mawondo anatha.

Mlamu: Tikhoza kuika munthu woyang'anira.

Achemwali aakulu: Alamu, munthu woyang'anira tinamuikapo kale pa chinthu china cha matayala anayi. Tonse tikudziwa kumene chinathera.

Amalume: Zakale zisiyeni.

Achemwali aakulu: Sindinatchule munthu amalume.

Mzime: Puloti ya ku Machinjiri ija ndinakaiona Loweruka. Ndi 15 kwa 30, malo athyathyathya, mzere wa magetsi uli pafupi, oyandikana nawo ali ndi mpopi. Mwini wake akuti K4,500,000 ndipo atidikira mpaka Loweruka likudzali basi. Zotsalazo mmisiri akuti tikhoza kufika pa lintala ndi mabuloko, zipinda zogona ziwiri, malata tidzaonera kutsogolo.

Mayi a mapasa: Bola si m'phiri. Zimene tinaona ku Chilobwe ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindifunanso kumva za puloti yotchipa yotsamira phiri.

Mzime: Ayi, ndi pansi. Ndinafunsanso anthu a pamenepo za madzi a mvula, akuti amatsata ngalande ya kumsewu.

Amalume: Mapepala ali bwanji? Wakuonetsa ndi mwini wake kapena dobadoba? Malo a m'tauni amagulitsidwa kawiri katatu. Musapereke ngakhale tambala musanaone chiphaso chake, dzina lifanane ndi la pa pepala, mukafunsenso ku khonsolo ndi kwa amfumu a deralo. Pogulapo pakhale mboni, oyandikana nawo aloze malire ndi chala.

Achimwene a ku Joni: Kufika pa lintala ndiye kuti chiyani? Amayi azigona m'chigumula? Mudzakhala mukulipira lendi uku, uku nyumba ikumera udzu. Ikani ndalama pamene pakubwera ndalama.

Achemwali aakulu: Nanga zipinda 6 zanuzo zitheka ndi 11 miliyoni? Malo ku Chikanda angopatsa?

Achimwene a ku Joni: Tiwonjezera ngongole ya kubanki.

Mlamu: Pamenepo pokha ayi achimwene. Chiwongoladzanja cha masiku ano si chosewera nacho. Reserve Bank inakweza chake kufika 26 pa 100 mu 2024, ndiye mabanki enawa amaikanso chawo pamwamba. Lendi ya anawo izingothera kubanki.

Mayi a mapasa: Alamu lero mwalankhula.

Azakhali a ku Zomba: (chithunzi) Taonani mdzukulu wanu wayamba kuyenda!

Mayi a mapasa: Eee wakula! Mphuno ngati ya agogo ake aamuna ndithu.

Amalume: Mulungu adalitse. Azakhali, nkhuku zija zinachira?

Azakhali a ku Zomba: Chitopa chinatenga zisanu ndi ziwiri. Latsala tambala ndi misoti itatu.

Msuweni wa ku Area 25: Moni nonse. Pali amene akudziwa kopezeka feteleza wotsikirako?

Achemwali aakulu: Asuweni mwaoneka! Miyezi inayi, K240,000. Feteleza tikambirana pambuyo.

Achemwali aakulu: Mwawerenga, ndaona.

Mzime: Tibwerere ku nkhani ija chonde, Loweruka si patali. Ndalama zikungokhala ku akaunti zikusungunuka. Kumbukirani Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 pa 100, mmene simenti inadumphira sabata yomweyo. Tinali ndi ndalama ya matumba ambiri, tinadzuka tili ndi ya ochepa, tikukanganabe nkhani yomweyi.

Achimwene a ku Joni: Ndiye chifukwa chake ndikuti tiike pobereka. Nyumba yogona sibereka.

Mayi a mapasa: Tamva achimwene, kachitatu aka. Koma K160,000 imene sitidzaperekanso kwa landilodi mwezi ndi mwezi si kubereka? Pachaka ndi K1,920,000. Imeneyo sidikira kuti sukulu itsegule.

Amalume: Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Komanso ndinene, mlongo wanga malo ali nawo kumudzi ku Chiradzulu. Njerwa tikhoza kuumba tokha, mchenga uli kudambo. Theka la ndalamazo nyumba yatha, theka linalo mukayambe zanu za ku Zomba.

Achemwali aakulu: Amalume, amayi amapita ku chipatala cha Queens mwezi uliwonse za shuga ndi BP. Mpingo wawo uli kuno, anzawo a mvano ali kuno. Kumudzi anachokako mu 1987. Akakhala ndi ndani?

Azakhali a ku Zomba: Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani chimodzi ana inu.

Achimwene a ku Joni: Chabwino. Funso limodzi. Nyumba ya ku Machinjiriyo pepala lidzakhala m'dzina la ndani? Pakuti ena tidzangoiona pa zithunzi, ena adzakwatiriramo.

Mzime: Achimwene, ngati mukunena ine nenani. Amene amadzuka 2 koloko usiku kusuntha mabeseni ndine. Amene amaima pamzere wa mankhwala ndine. Ndikhoza kutuluka mawa, mubwere mudzakhale nawo.

Amalume: Iwe Mzime, ameneyo ndi mkulu wako. Tsitsa mawu.

Mzime: Pepani amalume.

Achemwali aakulu: Funsolo ndi labwino ngakhale labwera mokhota. Dzina likhala la amayi. Tilemberana pepala lina, aliyense ndi zimene waponya, tonse tisaine, amalume ndi azakhali mboni. Buku ndili nalo kuyambira tsiku loyamba. Ena adzadabwa kuona mzere wawo.

Mayi a mapasa: 😂😂

(Msuweni wa ku Area 25 watuluka pagulu)

Mayi a mapasa: Ndi K240,000 yathu.

Amalume: Ndimuimbira ine. Musamubwezeremo kaye.

Mlamu: Bwanji tiwafunse eni ake? Takambirana tsiku lonse ngati amayi kulibe.

Mzime: Ndawawerengera zonse, kupatula zina. Akana kujambula mawu, akuti ndilembe. Akuti: ku Ndirande ndinadzala mapeyala, tinasamuka asanabereke. Ku Chilomoni ndinadzala mango, akudya ena. Pano ndadzala mapapaya m'chidebe kuti ndizitha kunyamula. Kabati ya magalasi imene anandigulira bambo anu yatsala ndi galasi limodzi chifukwa cha malole. Akuti za Zomba sakuletsa, mudzapange, koma iwo akufuna kudzala mtengo pansi.

Azakhali a ku Zomba: Mhhh.

Mayi a mapasa: Ndalira ine.

Achimwene a ku Joni: Ndamva. Koma puloti ya 15 kwa 30 ndi yaikulu. Nyumba ikhale kutsogolo, kumbuyo musiye malo a zipinda ziwiri za lendi. Osadzadza mitengo paliponse.

Achemwali aakulu: Zimenezo zikumveka. Zipinda za kumbuyozo tidzazitcha dzina lanu, maziko ake ndi K180,000 ya miyezi itatu imene muli nayo.

Achimwene a ku Joni: Lachisanu.

Amalume: Loweruka ndikwera ya m'mawa, 8 koloko ndili pa Wenela. Mzime udzandichingamire. Mwini malo abwere ndi chiphaso ndi mapepala enieni, osati a pafoni. Ndalama isatuluke ndisanaone.

Mlamu: Ine ndibwera ndi tepi, tikayeze tokha.

Mzime: Nanga a landilodi ndiwayankhe chiyani? Akuti abweranso mawa.

Achemwali aakulu: Uwauze akonze kaye denga. Za 160 tikambirana akatsika pa makwerero.

Azakhali a ku Zomba: Amene akubwera ku Zomba sabata ino anditengereko katemera wa nkhuku.

(Achimwene a ku Joni afufuta uthenga uwu)

Mayi a mapasa: Ndinawerenga kale achimwene.