Thandizeni, nyemba za tepary sizikupsa

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ku Tucson, Arizona, m'dziko la America, komwe pa 20 Ogasiti amakumbukira kukhazikitsidwa kwa mzindawu mu 1775. Kusukulu kwa mwana wanga atipempha kubweretsa zakudya zachikhalidwe cha kuno. Ine ndasankha nyemba za tepary, zomwe a Tohono O'odham, mtundu wa anthu omwe ndi eni nthaka kuno, ankalima m'chipululu muno Asipanishi asanafike n'komwe.

Vuto ndi loti sizikufewa. Ndaziviika usiku wonse, ndaziwiritsa mpaka msuzi kuphwa, koma ukaluma zili gwa. Maphikidwe a pa intaneti nawo akungotsutsana. Ndi zofiirira zija, ndinagula kufupi ndi tchalitchi chakale cha San Xavier del Bac.

Kodi n'chifukwa cha madzi a pampopi a kuno, omwe amasiya zoyera m'ketulo? Amene munaziphikapo, zimafuna maola angati, nanga mchere mumathira nthawi yanji?