Kodi Hohne ndi Bergen-Belsen ndi malo amodzi?

Nachisale_UK:
Abale ndithandizeni. Achimwene anga analowa usilikali wa British Army ndiye nthawi ina anawatumiza ku Germany kumalo otchedwa Hohne, zithunzi zawo ndili nazo ali pa kasinja akumwetulira. Ndiye dzulo mwana wanga wabwera ndi homuweki ya Bergen-Belsen, tikuyang'ana pa mapu ndikuona maina awiriwa ali khomo ndi khomo. Ndi malo amodzi eti? Eni akewo ukawafunsa amangoti kunkazizira basi.

Kadzidzi77:
Achemwali si amodzi ndendende koma ndi mayi ndi mwana. Chinayamba ndi bwalo la asilikali. Mu 1935 boma la Hitler linkakuza gulu lankhondo ndiye linkafuna tchire lalikulu loti akasinja aziphunzirirapo kuwombera, anasankha dera la Lüneburger Heide pakati pa Bergen ndi Fallingbostel, kumpoto kwa Hannover. Vuto kunali midzi. Midzi yoposa 20 inachotsedwa, anthu opitirira 3,000 anasamutsidwa, alimi oti makolo awo analima pamenepo kwa mibadwo, anayesa kudandaula koma nthawi imeneyo ukanatsutsa ndani. Malowo ndi pafupifupi ma sikweya kilomita 280, mpaka lero ndi bwalo lalikulu kwambiri la asilikali mu Germany.

Tsono omanga mabalakisi a pabwaloli, omwe ndi Hohne ya achimwene anuwo, anawamangira zisakasa zamatabwa chapafupi. Ntchito itatha zisakasazo zinangokhala, nkhondo itayamba mu 1940 anaikamo akaidi ankhondo a ku France ndi Belgium, 1941 anabweretsa a ku Soviet Union ambirimbiri opanda ndi pogona pomwe, ena ankakumba maenje nkumagona momwemo, njala ndi matenda zinapha anthu oyandikira 20,000 ndipo ambiri anafa dzinja loyamba lomwelo. A SS, gulu lankhanza la chipani cha Hitler, anatenga mbali ya kampuyo mu 1943 nkuisandutsa ndende yozunzirako Ayuda ndi anthu ena, Bergen-Belsen yomwe mwana wanu akuphunzirayo ndi imeneyo.

Mjomba_wa_ku_Catterick:
Ine ndinakhalako Hohne zaka ziwiri ndiye achimwene anuwo ndikuwamvetsa, kuzizira kwake sikwamasewera kkkk. Koma zoona zake timagona mmabalakisi omwewo anamanga a Wehrmacht, asilikali a Hitler, anangowakonza mkati. Kuli chinyumba china timachitchula Roundhouse, kale munali modyera ma ofisala achi German, a British atamasula kampu ya Bergen-Belsen pa 15 April 1945 anachisandutsa chipatala. Anapeza anthu pafupifupi 60,000 ambiri ali mafupa okhaokha, matenda a typhus ali ponseponse chifukwa cha nsabwe, mpaka zisakasa zija anaziotcha zonse. Nchifukwa chake ukapita ku memorial supeza nyumba, ndi milu ya manda basi, mwala walembedwa kuti pano pagona 1,000, apo 5,000. Tsiku lomwe ndinapitako mizinga inkamveka kuchokera ku range, bwalo lowomberapo lija, anzathu akuphunzira kuwombera, ine nditaima pamanda. Sindinadye bwino tsiku limenelo.

Nachisale_UK:
Mayo ine. Ndiye opulumukawo anapita kuti?

Kadzidzi77:
Anawasamutsira mmabalakisi momwemo, pakhala kampu ya anthu osowa kwawo mpaka 1950, ambiri Ayuda, ndipo munabadwira ana pafupifupi 2,000. Koma ena masauzande anamwalirabe atamasulidwa kale, thupi linali litatheratu. Anne Frank, mtsikana wachiyuda wotchuka ndi dayale yomwe analemba ali kobisala, ndi mkulu wake Margot iwo anafa kutatsala milungu yochepa kuti a British afike. China chomwe anthu sachidziwa, pamene akaidi ankatsikira sitima panamangidwa kuti pazitsikira asilikali ndi akasinja, kuchokera pamenepo ankawayendetsa wapansi makilomita ngati 6.

GogoWaHistory:
Chomwe chimandinyansa ine nchoti midzi ija sinabwezedwe kwa eni ake. Hitler anagwa koma bwalo linapitirira, a British analitenga, kenako NATO, mpaka lero akuwomberabe. Msilikali akagwira malo sataya.

Mjomba_wa_ku_Catterick:
Agogo pamenepo simunaname. A British anachoka Hohne mu 2015, pano kuli a Bundeswehr, asilikali a Germany ya lero. Achemwali mukadzapitako ndi mwanayo, mkati mwa range momwemo muli manda amiyala akalekale otchedwa Sieben Steinhäuser, a zaka masauzande, anachita kuwatchinga ndi milu ya dothi kuti mabomba asawaphwanye. Amatsegula msewu masiku omwe sakuwombera okha, kawirikawiri pa wikendi, ndiye muyambe mwafunsa musanawononge mafuta. Ndipo mutenge jekete yeniyeni.