Outlander PHEV yakana kutchaja, mwini wake wandikhalira pakhosi

Wa ku Kapata: Anzanga thandizeni. Ndili ndi Outlander PHEV ya 2014 yochokera ku Japan, Mitsubishi yoyendera petulo komanso batire yotchaja pa pulagi. Mwini wake ankaitchaja ndi jenereta malaiti akapita, pano ukalowetsa pulagi palibe chikuchitika. Injini ikulira bwino, galimoto ikuyenda. Chingwe ndi cha ku Japan chomwe, cha 200V, wina anangodula mutu n'kuikapo wa kuno. Pa pilot, waya wolankhulirana chingwe ndi galimoto, ndikupeza 12V, ndikalumikiza imatsika kufika 9V, koma 6V siikufika. Ndiye kuti galimoto siikupempha moto. Kodi OBC, tchaja ya m'kati mwa galimoto, yapsa? Zoti ndichoke nayo kuno ku Chipata kupita ku Lusaka musandiuze, makilomita oposa 500 amenewo mwini wake sakufuna kumva.

Madala a ku Katete: Batire yaing'ono ya 12V. Yambani imeneyo.

Wa ku Kapata: Ndayeza madala, 12.4V.

Madala a ku Katete: Mwayeza galimoto ili chete. Yezani pamene ikufuna kutseka ma contactor, maswitchi olumikiza batire yaikulu, muone ngati siigwa. Batire yofooka imanamiza kompyuta yonse.

Wa ku Mchini: Achimwene, mu Outlander OBC ndi DC-DC, imene imatchaja batire yaing'ono kuchokera ku yaikulu, zili m'bokosi limodzi, loziziritsidwa ndi madzi. Yatsani galimoto ifike pa READY muyeze pa batire yaing'onoyo. Mukapeza cha m'ma 14V, DC-DC ili moyo, koma mbali ya AC, yolandira moto wa pa pulagi, ikhoza kukhala itafa yokha. Timajenereta ta m'misikati si tabwino. Ine ndinalandirapo Leaf ya munthu wa ku Lundazi, ankaitchaja pa jenereta imene mnyamata wake ankawotcherera zitsulo. Nditatsegula bokosi la tchaja fungo lokha linandiuza, bolodi yada bii pafupi ndi polowera AC, fuse yasungunuka. Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka matayala anaphwa.

Amalume a ku Petauke: Musanakhudze bokosi limenelo imani kaye. Batire yaikulu ya galimotoyi ndi pafupifupi 300V, ndipo ndi DC, ikhoza kupha munthu. Zimitsani, chotsani negative ya 12V, valani magolovesi a 1000V, zulani service plug, yodula moto wa batire yaikulu, muiike m'thumba mwanu, osati pa mpando pomwe mwana wa sipanala angaibwezere. Dikirani ma capacitor atsike, kenako yezani ndi mita. Chingwe chilichonse cha orange ndi cha batire yaikulu, musachiyese ndi tester ya babu. Magolovesi ochapira mbale aja ayi. Mukawapeza enieni, auzireni mpweya muone ngati sakutulutsa.

Madala a ku Katete: Zonsezi n'zoona, koma batire ya 12V.

Wa ku Mchini: Madala, munthu wanena kuti galimoto ikuyenda. Ma contactor akanakana, READY ikanayaka bwanji?

Madala a ku Katete: Poyenda ndi potchaja sizidzuka mofanana. Ikani batire ina yodzaza muone, n'chiyani chovuta? Ana inu mumathamangira kumasula zodula.

Amalume a ku Petauke: Komanso amene anadula mutu wa chingweyo analumikiza earth? Majenereta ambiri neutral ndi earth sizigwirizana. Yesani chingwe china pa soketi ya khoma yokhala ndi earth yeniyeni. Ndipo uzani mwini wake asiye ma extension opyapyala, galimotoyi imakoka kupitirira 3kW kwa maola angapo, amasungunuka munthu ali m'tulo.

Wa ku Kapata: Chingwe china ndichitenga kuti? Sikana yanga ikungowerenga za injini, za OBC siikulowa.

Wa ku Nabvutika: Pamenepo pafunika MUT-III, sikana ya Mitsubishi. Alipo ali nayo mu Chipata muno? Kapena ku Lilongwe, pa boda ya Mwami ndi pafupi.