Kodi kupopa nayitirojeni m'matayala kuli ndi phindu lenileni?

Akuluakulu, makamaka amakaniko ndi okonza matayala, ndithandizeni maganizo. Mpweya wamba uli kale ndi nayitirojeni 78 peresenti. Makina opopera nayitirojeni amaufikitsa pa 93 mpaka 95, bola tayala aliphwetse ndi kulipopanso kangapo kuti okosijeni atuluke.

Phindu lomwe ndikuliona ndi kuuma kwake. Kompresa yosakhetsedwa madzi imalowetsa chinyezi m'tayala, ndipo rimu yachitsulo imachita dzimbiri mkati, mpweya n'kumatulukira m'mphepete. Koma valavu ikafa kapena msomali ukalowa, nayitirojeni amathawa chimodzimodzi.

Ndiye pagalimoto yaing'ono yopopedwa 2.2 bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala), kusiyana kwa kaphwedwe pamwezi kumaonekadi pa geji? Nanga tayala likachepa mpweya panjira, kuwonjezerapo wamba kumaononga china chake, kapena kumangotsitsa peresenti ija?